Ku Mohenjo-daro anafuna mfumu, anapeza zitsime

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko la Pakistan, mumzinda wa Karachi, muli kachiboliboli ka mwala wofewa kotalika masentimita 17 ndi theka basi. Ndi mwamuna wa ndevu zopesa bwino, maso ake ndi otsinzina pang'ono, pamutu wamanga kalamba kokhala ndi chokongoletsa chozungulira pamphumi, ndipo wafunda nsalu ya timaluwa ta masamba atatu yomwe yadutsa paphewa lamanzere n'kusiya lamanja pamtunda. Anakafukula ku Mohenjo-daro, mabwinja a mzinda wakale wa m'chigwa cha mtsinje wa Indus, m'zaka za m'ma 1920, ndipo kuyambira pamenepo kamadziwika ndi dzina lakuti Wansembe-Mfumu. Pamwalawo palibe cholembedwa chilichonse chonena kuti munthuyu anali wansembe kapena mfumu. Dzinalo linachokera m'mitu ya anthu ofukula, omwe anali atazolowera nkhani za Egypt ndi Mesopotamia (dera la Iraq wa lero), ndipo sankaona mmene mzinda waukulu ungakhalire popanda munthu mmodzi wokhala pampando wachifumu.

Ine ndikuona kuti kwa zaka 100 tsopano anthu ambiri akhala akuwafunsa mabwinja a m'chigwa cha Indus mafunso olakwika. Funso loyamba lakhala lakuti ankalamulira ndani, ndipo lachiwiri lakhala lakuti anawagonjetsa ndani. Mafunso awiri onsewa amafuna dzina la munthu, pomwe zimene zatuluka m'nthaka, kuyambira kumapiri a Balochistan mpaka kugombe la Gujarat, zikuloza kwina: kumene madzi ankachokera, mmene anthu ankawasungira ndi kuwataya, ndiponso zimene zinachitika madziwo atasintha nyengo yake. Wofuna kuwamvetsa anthu amenewa ayambe wayang'ana mtsinje, kenako chitsime, ndipo za mfumu azifunse pambuyo pake.

Mtsinje wa Indus umayambira ku Tibet, pafupi ndi phiri la Kailash, n'kuyenda makilomita opitirira 3,000 pakati pa mapiri a Himalaya ndi Karakoram, kenako n'kutsetsereka m'chigwa cha Pakistan mpaka kukathira m'nyanja ya Arabia. M'njira umalandira madzi a mitsinje isanu, Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej, yomwe inapatsa dzina dera la Punjab, pakuti dzinalo limatanthauza madzi asanu. Ngakhale dzina lakuti India linabadwira pamtsinje womwewu, umene eni ake ankautcha Sindhu, anthu a ku Persia n'kumati Hindu, Agiriki n'kulipinda kukhala Indos. Kumunsi kwake, m'dera la Sindh kumene kuli Mohenjo-daro, mvula imagwa yochepa kwambiri moti mlimi wodalira mitambo yokha angabwerere kumunda chimanjamanja. Madzi amachokera kutali, pamene madzi oundana a m'mapiri asungunuka nyengo yotentha, ndiponso pamene mvula ya monsoon yagwa kumtunda pakati pa Juni ndi Sepitembala. Mtsinje umasefukira, umayala matope achonde m'chigwa n'kuphwa, ndipo mlimi amafesa tirigu ndi barele pachinyontho chotsalacho, monga amachitira wolima kudimba, n'kudzakolola nyengo yozizira itatha.

Komabe kungakhale kulakwa kuganiza kuti anthu onsewa ankakhala m'mbali mwa mtsinje umodzi, monga anthu a ku Egypt ankakhalira m'mbali mwa Nile. Pakati pa 2600 ndi 1900 BC, nthawi imene mizinda inali pachimake, panali malo okhala anthu opitirira 1,000, omwazikana m'dera lalikulu kuposa Egypt wakale kapena Mesopotamia. Kumpoto kwenikweni kunali Shortughai, m'dziko la Afghanistan, pafupi ndi migodi ya mwala wobiriwira ngati thambo wotchedwa lapis lazuli, kumadzulo kunali Sutkagen Dor pagombe louma la Makran, ndipo kummawa kunali midzi yambirimbiri m'chigwa cha Ghaggar-Hakra, mtsinje umene lero umayenda nthawi ya mvula yokha. Dera lililonse linali ndi madzi a mtundu wakewake, ndipo ulimi wake unkatsata madziwo. Ku Kalibangan, m'boma la Rajasthan, anafukula munda umene unalimidwa ndi khasu la ng'ombe mizinda ikuluikulu isanamangidwe, ndipo mizere yake ikuonekabe, ina yoyandikana, ina yotalikirana yodutsa mopingasa. Alimi a m'deralo amalimabe motero akafuna kubzala mpiru ndi tchana m'munda umodzi.

Mizu ya anthuwa ili m'nthaka yomweyo. Ku Mehrgarh, m'munsi mwa mpata wa mapiri wa Bolan ku Balochistan, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Jean-François Jarrige linayamba kufukula mu 1974 ndipo linapeza mudzi wa alimi umene unalipo zaka masauzande angapo Harappa, malo ena otchuka a anthuwa ku Punjab, asanakhale mzinda. Anthu ake ankamanga nyumba za njerwa zadothi, ankalima barele ndi tirigu, ankadziwa thonje, ndipo ena mwa akufa awo anapezeka ndi mano obooledwa mwaluso eni ake akadali ndi moyo. M'dera lomweli ndi mmene anthu anayambira kuweta ng'ombe ya linunda, ija imene inadzajambulidwa pazidindo za m'mizinda ili ndi nyanga zazitali ndi khungu lolendewera pakhosi, ndipo ndi mtundu womwewu umene patapita nthawi yaitali unadzafika kummawa kwa Africa n'kulowa m'makola athu. Ndatchula izi chifukwa mabwinjawa atangodziwika, ena anathamangira kunena kuti nzeru yomanga mizinda inachokera ku Sumer, kummwera kwa Mesopotamia, ngati kuti nthawi zonse mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ife a kummwera kwa Africa zoterezi sitizimva ngati zachilendo, pakuti ndi mmenenso anachitira ndi Great Zimbabwe mpaka David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza kuti anamanga ndi eni dziko.

Mmene mabwinjawa anadziwikira ndi nkhani yomvetsa chisoni payokha. M'zaka za m'ma 1850, omanga njanji ya pakati pa Lahore ndi Multan anasowa miyala yoyala pansi pa njanji, ndipo anaona kuti zitunda za ku Harappa zinali zodzaza ndi njerwa zootcha zolimba. Anazigumula n'kuziphwanya, ndipo Alexander Cunningham, yemwe anali mkulu woyamba wa bungwe la Archaeological Survey of India, anadzalemba kuti njerwazo zinakwanira njanji ya mamailosi pafupifupi 100. Kufukula kwenikweni kunayamba mu 1921 pamene Daya Ram Sahni anakumba ku Harappa, ndipo chaka chotsatira R. D. Banerji anayamba ku Mohenjo-daro, dzina limene ambiri amalimasulira kuti chitunda cha akufa. Mizinda iwiriyi ndi yotalikirana makilomita pafupifupi 600, koma inatulutsa zidindo zofanana ndi zolemba zofanana, ndipo pa 20 Sepitembala 1924 John Marshall, mkulu wa bungwe lija la Archaeological Survey of India pa nthawiyo, analengeza m'nyuzipepala ya Illustrated London News kuti papezeka mtundu wa anthu akale umene dziko linali litauiwaliratu.

Munthu akalowa m'nyumba wamba ya ku Mohenjo-daro, chinthu choyamba chimene chimamukopa si kukula kwa nyumbayo koma kachipinda kamene kali pafupi ndi khoma loyang'ana kumsewu. Pansi pake anayalapo njerwa zootcha zochekedwa bwino, zogundana kwambiri kuti madzi asalowe pansi, ndipo anapapendeketsa pang'ono kuti madzi osambira azithamangira pakona pamene pali kabowo kotulukira kunja. Kunjako madzi ankagwera m'kangalande kakang'ono, kangalandeko n'kukathira m'ngalande yaikulu ya mumsewu, yomwe inali yovundikiridwa ndi njerwa kapena miyala yoti munthu akhoza kuinyamula pofuna kuchotsa zinyalala. M'njira munali maenje oti matope azidikhamo madzi n'kupitirira. Nyumba zina zosanja zinali ndi mapaipi adothi otsitsa madzi kuchokera pamwamba, ndipo zimbudzi zina zinali mitsuko ikuluikulu yokwiriridwa pansi. Izi sizinali za m'nyumba ya munthu mmodzi wolemekezeka ayi, zinali m'nyumba zambirimbiri, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.

Zitsime ndiye zinali ponseponse. Akatswiri amene anayeza mzindawu amati munali zitsime pafupifupi 700, kutanthauza kuti pa nyumba zitatu zilizonse panali chitsime chimodzi, ndipo palibe mzinda wina wa nthawi imeneyo umene ukudziwika kuti unali ndi zitsime zochuluka chotere. Anaziwaka ndi njerwa zoumbidwira ntchito yomweyo, zopapatiza mbali imodzi, kuti zikayalidwa mozungulira zizikanikizana zokha nthaka ikamazipanikiza kuchokera kunja. Pamilomo ya zitsime zina pali timizere timene zingwe zotungira madzi zinadya m'njerwa. Timizere timeneti timandiuza zambiri kuposa kachiboliboli ka ku Karachi, chifukwa kachiboliboli kaja kakuonetsa nkhope ya munthu mmodzi yemwe sitikumudziwa, pomwe timizereti tikuonetsa ntchito ya manja osawerengeka, mmawa uliwonse, kwa mibadwo yambiri.

Ngakhale chomanga chotchuka koposa cha mzindawu ndi cha madzi. Pachitunda chakumadzulo pali dziwe lowakidwa ndi njerwa, lotalika mamita pafupifupi 12, lotambalala mamita 7 ndi lakuya mamita oposa awiri, lokhala ndi masitepe otsikira mbali ziwiri. Kuseri kwa njerwa zake anamatako phula kuti lisadonthe, m'chipinda choyandikana nalo muli chitsime, ndipo ngalande yake yotulutsira madzi ndi yaitali moti munthu akhoza kuyendamo. Ambiri amaganiza kuti linali losambiramo pa miyambo ya chipembedzo, ndipo n'zomveka, pakuti kusamba kwa mwambo kuli ndi malo aakulu m'zipembedzo za m'derali mpaka lero. Chimene chili choonekeratu n'chakuti pamalo okwera koposa a mzinda, pamene anthu a ku Ur, mzinda wa ku Mesopotamia, anaikapo nsanja ya mulungu wawo, anthu awa anaikapo madzi.

Wina akhoza kunena kuti kukhala ndi zitsime zambiri m'mbali mwa mtsinje waukulu si chodabwitsa. Woteroyo apite ku Dholavira, pachilumba cha Khadir pakati pa chigwa chamchere cha Rann of Kutch ku Gujarat, kumene kulibe mtsinje woyenda chaka chonse. Kuli timitsinje tiwiri tokha, Mansar ndi Manhar, timene timakhala ndi madzi mvula ikagwa n'kuuma posakhalitsa. Anthu a kumeneko anatitchinga ndi timakoma, n'kupatutsira madzi m'madamu pafupifupi 16 ozungulira mzinda, ena owakidwa ndi miyala, ena osemedwa m'thanthwe lenilenilo, okhala ndi masitepe oti munthu azitsika nawo madzi akamaphwa. R. S. Bisht anayamba kufukula malowa mu 1990, ndipo mu 2021 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika kwa dziko lonse. Harappa, mbali inayo, anali ndi zitsime zochepa poyerekeza ndi Mohenjo-daro. Choncho panalibe njira imodzi yochita kulamulidwa kuchokera kulikulu, koma mzinda uliwonse unkayankha funso la madzi malinga ndi malo ake.

Tsono mfumu ili kuti? Patatha zaka 100 za kufukula, sipanapezeke manda a mfumu odzaza ndi chuma ngati a ku Ur kapena a ku Egypt, sipanapezeke mwala wojambulidwapo wolamulira akupondereza adani ake, ndipo palibe nyumba imene akatswiri onse amagwirizana kuti inali yachifumu kapena kachisi. Manda a ku Harappa ali ndi miphika, mikanda ndi zibangili, osati milu ya golide. Mayina ambiri amene timawawerenga m'mabuku anaperekedwa ndi ofukula okha. Mortimer Wheeler anatcha chitunda chokwera kuti linga la asilikali, ndipo chinyumba china chachikulu anachitcha nkhokwe ya boma, ngakhale kuti sanapezemo milu ya tirigu yotsimikizira dzinalo. Dzina likaperekedwa limakhala, ndipo mwana wasukulu amakula akudziwa kuti kunali nkhokwe, ndipo pamene pali nkhokwe ya boma payenera kukhala wotolera msonkho, ndipo pamene pali wotolera msonkho payenera kukhala mfumu. Motero ufumu wonse umamangidwa pa dzina limene munthu wina anangoliganiza ataima padzuwa.

Mfundo yamphamvu ya amene amakhulupirira kuti kunali ulamuliro umodzi ndi kufanana kwa zinthu, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Njerwa zinkaumbidwa motsata muyezo umodzi, m'lifupi mukhale kawiri kuchindikala kwake, m'litali mukhale kanayi. Miyala yoyezera kulemera inali yosemedwa mwa mbali zisanu ndi imodzi zofanana, yoyenda mowirikiza, 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, ndipo wofala kwambiri unkalemera magalamu pafupifupi 13.7, kaya ku Harappa kaya ku Lothal kufupi ndi nyanja. Zidindo zambiri zili ndi nyama imodzimodziyo ya nyanga imodzi. Koma kufanana kwa miyezo sikufuna mfumu nthawi zonse, chifukwa amalonda amene akufuna kukhulupirirana amagwirizana pa muyezo popanda wowakwapula, ndipo mmisiri amaumba njerwa mmene anamuphunzitsira mbuye wake. Katswiri wina, Jonathan Mark Kenoyer, yemwe wafukula ku Harappa zaka zambiri, amaona kuti mphamvu zinali m'manja mwa magulu angapo, monga amalonda, eni minda ndi otsogolera miyambo, ndipo Adam Green mu 2020 anapita patsogolo n'kunena kuti gulu lolamulira lokhala pamwamba pa onse silikuoneka n'komwe m'zofukulidwa. Malonda awo anafika kutali ndithu: Sargon, mfumu ya ku Akkad ku Mesopotamia, m'zaka za m'ma 2300 BC, anadzitama kuti zombo za ku Meluhha zinkakocheza padoko lake, ndipo akatswiri ambiri amavomereza kuti Meluhha ndi dziko la Indus.

Apa ndiyenera kudzichenjeza ndekha, chifukwa n'kosavuta kuchoka pa bodza lina n'kugwera pa linzake. Pali olemba amene, ataona kuti mfumu siikupezeka, anayamba kujambula dziko la mtendere wokhawokha, lopanda wolemera ndi wosauka. Zimenezo n'zokoma kumva koma mafupa akukana. Gwen Robbins Schug ndi anzake atapima zigaza za ku Harappa anapeza zina zili ndi zipsera za kumenyedwa, makamaka za anthu amene anaikidwa kunja kwa manda olongosoka, ndipo anapezanso zizindikiro za khate ndi chifuwa chachikulu. Mizinda inali ndi makoma ndi zipata zoti wolowa aziona womulondera. Nyumba zina zinali za zipinda zambiri, zina za chipinda chimodzi. Ndiponso ngalande yovundikira siidziyeretsa yokha, panali munthu amene ankatsika m'dzenje lija kukafukula matope a anthu ena, ndipo ndikukayika ngati munthuyo ankavala mikanda yofiira imene inkagulitsidwa ku Mesopotamia. Zolemba zawo zikanatithandiza, koma mpaka lero palibe amene waziwerenga. Zili ndi zizindikiro pafupifupi 400, cholembedwa chimodzi nthawi zambiri chimakhala ndi zizindikiro zisanu zokha, ndipo mu Januwale 2025 nduna yaikulu ya boma la Tamil Nadu, M. K. Stalin, inalonjeza madola 1 miliyoni kwa amene adzazimasulire mokhutiritsa akatswiri.

Funso lachiwiri, lofunafuna wogonjetsa, lawononga kwambiri kuposa loyamba. Mu 1947 Wheeler anatenga mafupa a anthu pafupifupi 37 amene anapezeka atangoti mbwee m'misewu ndi m'zipinda za Mohenjo-daro, n'kuwalumikiza ndi nyimbo za m'buku lakale lachipembedzo cha Chihindu lotchedwa Rigveda, zotamanda mulungu Indra monga wogumula malinga, ndipo anagamula kuti mzindawo unaphedwa ndi ankhondo achi Aryan ochokera kumpoto. Nkhaniyo inali yokoma kuifotokoza moti inalowa m'mabuku a sukulu m'mayiko ambiri. Mu 1964 George Dales anaunikanso zolemba za ofukula oyamba ndipo anasonyeza kuti mafupawo sanali a nthawi imodzi, kuti palibe amene anapezeka pachitunda chokwera pamene nkhondo yomaliza ikanamenyedwera, ndiponso kuti panalibe zida zankhondo kapena phulusa la mzinda wotenthedwa. Pambuyo pake Kenneth Kennedy atapima mafupawo anapeza kuti ambiri analibe mabala oti n'kupha munthu. Kuwonjezera apo, nyimbo za Rigveda zinapekedwa patapita zaka mazana angapo mizinda itayamba kale kutha, ndipo ndi zodzaza ndi akavalo, nyama imene siikupezeka pazidindo za Indus.

Lero vuto latembenuka. Chiyambire pamene India ndi Pakistan anagawikana mu 1947, Harappa ndi Mohenjo-daro n'kutsalira mbali ya Pakistan, mabwinjawa akhala ngati chuma chamasiye chimene aliyense akufuna kuchitcha cha makolo ake. Ena ku India amakana zoti kunabwera anthu ochokera kunja n'komwe, ndipo amafuna kuti anthu a Indus akhale omwewo amene anapeka Rigveda, pomwe ena kummwera amafuna kuti akhale makolo a olankhula zilankhulo za Dravidian okha. Mu 2019 panatuluka zotsatira za DNA ya mayi wina woikidwa ku Rakhigarhi, m'boma la Haryana, ndipo zinasonyeza kuti analibe magazi a abusa a m'zigwa za udzu za pakati pa Asia ndi Europe. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho anasonyeza kuti magazi amenewo analowa m'derali pakati pa 2000 ndi 1500 BC ndipo ali mwa anthu ambiri a kumeneko lero, osakanikirana ndi a anthu a Indus. Kunena mwachidule, alendo anabweradi, koma anapeza mizinda ikutha kale, ndipo anakwatirana ndi amene anawapeza. Yankho limeneli silisangalatsa mbali iliyonse ya mkanganowu, ndipo mwina n'chifukwa chake silimveka kwambiri.

Tikabwerera ku madzi, nkhani ya kutha kwa mizinda imayamba kulongosoka. Ku Kotla Dahar, m'boma la Haryana, kuli malo amene kale anali nyanja yaing'ono, ndipo akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge atapima zigoba za nkhono za m'matope ake anafalitsa mu 2014 kuti zaka pafupifupi 4,100 zapitazo mvula ya monsoon inafooka mwadzidzidzi ndipo inakhala yofooka kwa zaka ngati 200. Za Ghaggar-Hakra nazonso zaunikidwa. Ambiri ankakhulupirira kuti unali mtsinje waukulu wochokera ku Himalaya, Sarasvati wotamandidwa m'Rigveda, ndipo kuti mizinda inafa mtsinjewo utauma. Koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anasonyeza kuti Sutlej anasiya kuyenda m'chigwa chimenecho zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, mizinda isanayambe n'komwe. Ndiye kuti anthu anasankha kukhala m'khwawa limene mtsinje waukali unalisiya, momwe munkayenda madzi ofatsa a mvula, osagumula midzi. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo kwa zaka mazanamazana madziwo sanaliiwale, koma moyo wodalira mvula yotere umagwedezeka msanga mvulayo ikayamba kudumpha zaka.

Zimene zinatsatira sizikuoneka ngati imfa ya mtundu. Ku Mohenjo-daro ngalande zinasiya kukonzedwa, nyumba zazikulu zinagawidwa m'tizipinda, ndipo oumba mbiya anamanga mauvuni awo m'misewu imene kale inali yoyera. Zidindo, zolemba ndi miyala yoyezera zinasiya kugwiritsidwa ntchito, pakuti izi ndi zida za malonda aakulu, ndipo malondawo atafota zinalibenso ntchito. Koma kummawa, cha ku Haryana ndi kumtunda kwa mitsinje ya Yamuna ndi Ganga kumene mvula inkagwabe bwinoko, ndiponso ku Gujarat, midzi ing'onoing'ono inachuluka kuposa kale. Anthu anatsamira kwambiri pa mbewu za nyengo ya mvula, mpunga kumene kunali madzi, ndi mbewu za timaso ting'onoting'ono zopirira chilala kumene kunali kouma. M'zaka mazana otsatirawo m'minda ya kumadzulo kwa India munayamba kuoneka mchewere, mapira ndi khobwe, mbewu zimene kwawo ndi kuno ku Africa ndipo zinaoloka nyanja m'manja mwa anthu amene mayina awo sanalembedwe paliponse. Ngolo za ng'ombe zofanana ndi tingolo tadothi timene ana a ku Harappa ankaseweretsa zinapitiriza kuyenda m'misewu ya Sindh mpaka m'nthawi yathu ino.

Sindikunena kuti mvula ikufotokoza zonse, ndipo ndimakayikira wolemba aliyense amene ali ndi kiyi mmodzi wotsegulira zitseko zonse za mbiri yakale. Madera a Indus anali osiyana kwambiri moti chilala sichinawakhudze tsiku limodzi kapena mofanana, malonda ndi Mesopotamia anachepa pa zifukwa zakezake, matenda analipo, ndipo mikangano ya pakati pa anthu iyenera kuti inakula pamene chakudya chinachepa. Chimene ndikukana ndi chizolowezi choyesa mtundu wa anthu ndi kutalika kwa manda a wolamulira wawo, n'kumati amene sanasiye manda otero ndi mtundu wosamvetsetseka, ndipo amene anasiya mizinda n'kubwerera kumidzi ndi mtundu wolephera. Banja limene linaona kuti chigwa sichikusefukiranso monga kale, n'kumanga katundu pangolo kupita kumene mvula ikugwa, n'kusintha mbewu, linachita chanzeru, ngakhale kuti wofukula mabwinja wa lero amasowa chokongola choika m'kabati yagalasi kuchokera m'mudzi umene linakamanga.

Mohenjo-daro akulimbanabe ndi madzi mpaka pano. Kufukula kwakukulu komaliza kunachitika mu 1964 ndi 1965 motsogozedwa ndi Dales yemwe uja, ndipo pambuyo pake kunaimitsidwa chifukwa njerwa zikangotulutsidwa poyera, chinyontho chochokera pansi chimakwera nazo limodzi ndi mchere, mcherewo n'kuziphwanya pang'onopang'ono mpaka kukhala fumbi. Zigawo zakale kwambiri za mzindawu zili pansi pa madzi a m'nthaka, ndipo palibe amene wazifukula bwinobwino. Mu 2022, chaka chimene madzi osefukira anakhudza anthu pafupifupi 33 miliyoni ku Pakistan, mvula yamphamvu inagumula ena mwa makoma ake. Mlendo wofika kumeneko lero amaona zinthu zazitali zozungulira zitaima pakati pa mabwinja ngati machumuni, ndipo ambiri amayamba afunsa kuti kodi ankaotchamo chiyani. Ndi zitsime. Nthawi iliyonse imene anthu ankakweza nyumba zawo pamwamba pa zakale, ankawonjezera mizere ina ya njerwa pakamwa pa chitsime kuti chifike pamene iwo afika, ndipo ofukula atachotsa dothi lonse lozungulira, zitsimezo zinatsala chiimire m'mwamba.